Malikisi Otayidwa a Madamu Afaf

Kalabu yathu ya masewera ya ku Moharram Bey, mumzinda wa Alexandria, yatulutsa kabuku kokumbukira kuti yakwanitsa zaka makumi asanu. Ndakawerenga kawiri, kachiwiriko ndili ndi pensulo m'manja. Muli zithunzi khumi ndi zinayi za tcheyamani, china atagwira sizasi yodulira riboni, china akupsompsona mwana wa eni amene akuoneka kuti sakufuna. Muli dzina la munthu amene anapereka mafani a m'holo, mafani amene chiwaikireni sanazungulirepo. Dzina langa alilemba molakwika, Wagdi amusandutsa Magdi, koma zimenezo ndinazizolowera. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi chakuti m'masamba onsewo mulibe dzina la Afaf Shalabi, mayi amene anakhala patebulo la oweruza zaka makumi awiri ndi zitatu.

Ine ndinaphunzitsa masamu ku sekondale ya anyamata mpaka tsitsi linatha, ndipo sindinena chinthu chimene sindingachiwerengere. Pamwamba pa kabati yanga pali mafaelo asanu ndi awiri. Malemu mkazi wanga ankati ndikuweta mphemvu. Zonse ndinene pano zili m'menemo.

Afaf anabadwira kuseri kwa depoti ya matramu, tisitima toyenda m'misewu ya mumzinda. Bambo ake anali kondakitala, munthu amene ankayenda m'tramu yothamanga atanyamula kapu ya tiyi osataya ngakhale dontho, ndipo anthu ankati mwanayo anatengera miyendo ya bambo ake. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankayenda pamwamba pa njanji kuchokera kwawo mpaka kusukulu osaponda pansi. Mphunzitsi wina anamuona, anapita naye ku kalabu, n'kumukweza pa thabwa la jimunasitiki.

Amene amati jimunasitiki ndi gule wa ana a anthu olemera, monga amanenera mkamwini wanga, apite akaimirire pa thabwa limenelo. M'lifupi ndi chikhatho changa chokha, m'litali mamita asanu, ndipo lili m'mwamba kufika pachifuwa pa munthu wamkulu. Mtsikana ali ndi mphindi imodzi ndi theka yoti adumphe, azungulire pa mwendo umodzi, apidiguke chagada osaona pamene phazi likatere, kenako atsike n'kuima nji ngati msomali. Thukuta la zaka khumi limathera m'mphindi imodzi ndi thekayo. Akatero anthu asanu okhala pamipando amalemba nambala patimapepala, ndipo nambalayo ndi imene mwana amapita nayo kwawo.

Afaf anali katswiri pa thabwa, koma ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi bondo lake linaguluka potera, kutatsala miyezi iwiri kuti apite kukapikisana kunja. Sanakwerenso. Anaphunzira uphunzitsi, n'kuyamba kuphunzitsa masewera kusukulu ya atsikana yoyang'anana ndi yathu. Anakwatiwa ndi kalaliki wa kudoko, munthu wofatsa, amene anamwalira msanga osamusiyira mwana. Chimene chinamutsalira ndi kachiphaso ka uweruzi kamene ankakasunga m'pulasitiki m'chikwama chake, ndi mpando uja wa pambali pa thabwa. Ndikati chinamutsalira, ndikutanthauza kuti panalibenso china. Lachisanu lililonse la mpikisano ankafika holo isanatsegulidwe, atasita jekete yake yabuluu.

Ine anandiitana kuti ndikhale mlembi wa malikisi chifukwa nthawi imeneyo kunalibe makina, ndipo kalabu inafuna munthu wodziwa kugawa nambala amene sangafunse malipiro. Mpando wanga unali kumbuyo kwa oweruza, ndiye ndinkaona momwe mayiyu ankagwirira ntchito. Woweruza weniweni sayang'ana pepala. Maso amakhala pa mwana, dzanja limalemba lokha timizere ndi tingowe toimira chilichonse chimene mwanayo wachita. Ena aja ankagwetsa maso kasanu, kasanu ndi kamodzi, ndipo phazi limaterereka nthawi yomweyo imene maso ali pansi. Afaf sindinamuonepo akugwetsa maso. Patapita miyezi ungamupatse pepala lake lakale, ndipo ankatha kukuuza kuti apa bondo linapindika, apa mwana anaima kupuma pamene samayenera kuima.

Ntchito yanga inali yosavuta. Timapepala tisanu timabwera kwa ine. Lamulo limati pepala la malikisi apamwamba kwambiri ndi la malikisi apansi kwambiri azitayidwa, atatu otsalawo aziphatikizidwa n'kugawidwa patatu. Akuti zimateteza mwana kwa woweruza wokondera kapena wanjiru. Papepala ndi lamulo lanzeru, ndipo ine monga mphunzitsi wa masamu ndinkaliyamikira. Ndinkatenga cholembera chofiira n'kukhwatcha awiriwo. Sipanapite chaka ndinazindikira kuti dzanja langa lazolowera malembedwe a munthu mmodzi. Mwana wotchuka akachita zosalongosoka, Afaf ndiye anali pansi. Mwana wosadziwika akachita bwino, Afaf ndiye anali pamwamba. Mafaelo anga akuti pa mapepala ake khumi alionse, asanu ndi atatu ndinawakhwatcha ine.

Chifukwa chake chinali tiyi.

Musaganize kuti panali ziphuphu. Bwenzi zili bwino pakanakhala ziphuphu, chifukwa wakuba umatha kumugwira dzanja. Panali tiyi chabe. Tsiku loti mawa ndi mpikisano, ana amabwera kudzalizolowera thabwa. Oweruza ankakhala pakhonde la m'mwamba n'kumaonerera, tiyi ali patsogolo, ndi mbale ya keke yathu ija ya basibusa. Pakati pankakhala mkulu wa oweruza, Dokotala Shahira wa ku Kairo, amene udokotala wake sunachizepo munthu. Iye salemba malikisi, ntchito yake ndi kuyang'anira olembawo. Ine ndinkapitako kukasainitsa mapepala, ndipo basibusa ndinkadya nawo. Sindikana.

"Uyu wavala zofiirayu, mwana wa a Injiniya, ndi wa 9, si choncho amayi?" ankatero Dokotala.

"Wa 9 ndithu, a Dokotala. Taonani khosi lakelo."

"Nanga aka ka kumudzika?"

"Kakuyesetsa, koma mapazi ngati kakuoka mpunga m'matope."

Onse kuseka. "Kapatseni 8, kakasangalale kwawo."

Palibe amene ankalamula mnzake. Koma m'mawa mwake woweruza aliyense ankakhala pampando nambala ili kale m'mutu, ndipo mwana asanakwere n'komwe anali ataweruzidwa dzulo, pakati pa kapu yoyamba ndi yachiwiri.

Afaf sankakwera kukhonde kuja. Ankakhala pabenchi mukhonde la pansi atafulatira holo, akudya buledi ndi nyemba zokulunga m'nyuzipepala. Ndinamufunsapo chifukwa chake, iye anangoti diso limene laona dzulo limaweruza za dzulo. Anzake anamupatsa dzina loti Madamu Dengu, poti mapepala ake ankathera m'dengu la zinyalala.

"Madamu Dengu!" Dokotala ankafuula ali pakhonde. "Simukwera kudzamwa nafe? Kapena tiyi wathu naye mwamudula malikisi?"

"Tiyi wanu amalemetsa maso, a Dokotala," Afaf ankayankha osatembenuka. "Ine mawa ndili ndi ntchito."

"Ntchito yanji, yodzadza dengu? A Makina, auzeni anzanuwa kuti mwatopa n'kugula inki yofiira."

A Makina ndinali ine. Munthu wa digiri ya ku yunivesite ya Alexandria, ndinaitanidwa Makina zaka makumi awiri ndi mayi amene sankatha kugawa 25 patatu osanditembenukira. Chimenechonso ndinachisunga.

Zinthu zikanapitirira choncho mpaka ukalamba, koma mu 2009 komiti yoyendetsa masewerawa ya ku Kairo inabweretsa lamulo latsopano. Anati akufuna kuthetsa kukondera. Woweruza amene malikisi ake asiyana ndi malikisi omaliza kupitirira 0.4, katatu m'chaka chimodzi, azilandidwa chiphaso. Taganizirani nzeru zimenezo. Sanafunse kuti waona zoona ndani. Anafunsa kuti wafanana ndi anzake ndani. Akumwa tiyi aja sankasiyana n'komwe, poti anali atagwirizana kale. Lamulo lopangidwira kugwira okondera linali msampha wa munthu mmodzi yekha amene sankakondera.

Mu Januwale chaka chotsatira Afaf anasiyana koyamba kupitirira muyeso uja ndipo analandira kalata yochenjeza. Mu Malichi kunali mpikisano m'holo yathu wosankha mtsikana mmodzi wa pa thabwa woti alowe m'timu yopita kukapikisana ndi maiko a mu Afirika. Aliyense ankadziwa kuti nkhani ili pa ana awiri. Rimas anali wa kalabu ya anthu a ndalama ya ku Kairo, wa zaka khumi ndi zisanu, wochita bwino ndithu, ndipo mwanayo ndilibe naye chifukwa. Basmala anali wa ku Damanhour, tauni ya pakati pa minda, mwana wa munthu wophika buledi, ndipo ankaphunzirira m'nyumba yakale yosungiramo thonje. Malikisi a kuvuta kwa zochita zawo, amene amawerengedwa patebulo lina, anali ofanana. Zonse zinatsalira asanu aja.

Pa tiyi wa dzulo lake ndinamva ndi makutu angawa. Rimas anamuika pa 8.6, Basmala cha m'ma 8.3. Wothira tiyi tsiku limenelo anali woweruza watsopano, Tasneem, amene Afaf anamuphunzitsa kusukulu ya atsikana. Anali wamanyazi moti akamayankhula umayenera kumuyandikira. Iye anangodzadza makapu.

Basmala ndiye anayamba. Sindine woweruza, koma munthu ukakhala pambali pa thabwa zaka makumi awiri umadziwa. Mwanayo sanagwedere ngakhale kamodzi. Atatera, mapazi anakakamira pamphasa ngati awamata ndi ulimbo. Mapepala atafika, atatu anali pa 8.3 ndi 8.4, la Tasneem linali pa 8.5, la Afaf pa 8.9. Ndinakhwatcha la Afaf ndi limodzi la pansi. Basmala anapeza 8.4. Afaf anali atasiyana kachiwiri.

Apa anaimitsa mpikisano kuti anthu akaswali swala ya masana. Ine amene ndimapemphera Lamulungu ndinadikira mukhonde, ndipo ndinamupeza Afaf akuvala nsapato pabenchi yake ija.

"Madamu Afaf, kwatsala kamodzi," ndinatero.

"Kuwerenga mpaka katatu ndimatha, aphunzitsi Wagdi."

"Ndiye tamverani. Rimas amuika pa 8.6. Kaya achite bwanji, inu lembani pafupi ndi pamenepo."

"Ha! Ndiye mwandibweretsera tiyi kuno kubenchi? Basibusa mwasiya kuti?"

"Musaseke, mlongo wanga. Ine ndi amene ndimagwira cholembera chofiira. Mukalemba zanuzo, pepala lanu ndilitaya monga mwa masiku onse. Mwana sapindula kanthu. Chilungamo chanu sichinalowepo m'masamu anga, zaka makumi awiri. Mukufuna kutaya chiphaso chifukwa cha pepala lopita m'dengu?"

Anamanga chingwe cha nsapato pang'onopang'ono, bondo lija atalitambasula.

"Mwanayo akachita za 8.6, ndilemba 8.6, ndipo ndidzakondwa," anatero. "Akapanda kutero, iye mwini akhala akudziwa. Mwana amadziwa nthawi zonse. Mufuna ndimuphunzitse kuti akuluakulu asanu atha kuyang'ana chinthu n'kunena kuti sanachione?"

"Ndifuna mukhale ndi mpando chaka chamawa."

"Inu aphunzitsi, masamu onsewa, koma mumangoyang'ana pepala limene mwataya. Tsiku lina mudzayang'aneko limene latsala."

Sindinamve chimene ankatanthauza, ndipo ndinakwiya. Ndinamuuza kuti ndi wouma mutu ngati bulu wa pangolo. Iye anati bulu amafika, ndipo anadzuka n'kulowa m'holo.

Oweruza athu ankakhala mbali ziwiri za thabwa, atatu uko, awiri kuno. Mbali ya kuno kunali Afaf ndi Tasneem, ine kumbuyo kwawo. Rimas anayamba bwino. Koma atapidiguka chagada kachiwiri, phazi lamanja linatera theka lili panja. Thupi linapendeka, anawerama, ndipo dzanja linagwira m'mbali mwa thabwa, mwachangu ngati munthu wakhudza poto wotentha. Pomwepo analikweza m'mwamba n'kulizunguliza ngati ndi mbali ya gule. Anamuphunzitsa bwino. Koma kugwira thabwa kuti usagwe kumadulitsa 0.5 pa malikisi, ndipo aliyense m'masewerawa amadziwa zimenezo. Atatu a tsidya lija anganene kuti dzanjalo silinaonekere kwawo, chabwino. Koma kupendeka kuja ngakhale wogulitsa mtedza pakhomo anakuona.

Atatsika, Rimas sanamwetulire. Anayang'ana kumene kunali Afaf, kenako pansi.

Mapepala anabwera. A tsidya lija analemba 8.7, 8.6 ndi 8.5, ngati palibe chachitika. La Tasneem linali ndi 8.0. La Afaf linali ndi 7.9, loyera ngati zosindikiza. Ndinatseka maso kaye. Kenako ndinakhwatcha 8.7, ndinakhwatcha 7.9, n'kuphatikiza zotsalazo. Zinapereka 8.366.

Basmala anali ndi 8.4. Mwana wa wophika buledi anali atapambana.

Dokotala Shahira anabwera patebulo langa nsapato zikugogoda.

"Werengeraninso, a Makina."

"Ndawerengera katatu, a Dokotala."

"Koma la Madamu Dengu mwalitaya?"

"Ndalitaya, si ili."

"Ndiye zatheka bwanji?"

Iye sanamvetse, koma ine ndinali nditaona, ndipo nkhope yanga inatentha ndi manyazi. Dengu limalandira pepala limodzi lokha la pansi. Afaf akanamvera ine n'kulemba 8.5, pepala la pansi likanakhala la Tasneem, ndipo ndikanakhwatcha limenelo. Akumwa tiyi akanatsala okhaokha, Rimas akanapeza 8.5 ndi kanthu pamwamba, ndipo ndege akanakwera ndi iye. Polowa m'dengu, Afaf anasiya pepala la Tasneem panja kuti liwerengedwe. Mwana wa fomu yoyamba akanaziona zimenezi. Ine, mphunzitsi wa masamu, ndinakhala nazo pamphuno zaka makumi awiri.

Ine ndi Afaf tinakwera tramu imodzi pobwerera. Titafika pa siteji yachitatu ndinamutembenukira.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Sindinkadziwa kuti mwanayo agwira thabwa. Ndikanakonda asanagwire."

"Ndikunena za dengu."

"Aa, zimenezo. Patebulo lililonse pamakhala mmodzi wamanyazi, aphunzitsi. Amaona bwinobwino, koma amaopa, ndiye amalemba theka la zimene waona. Akakhala yekha amatayidwa, ndipo chaka chamawa amasiyiratu kuona. Ndikakhalapo ine, wotayidwa ndine."

"Bwanji osandiuza zaka zonsezi?"

"Ndimati mukudziwa. Si inu a digiri?"

Ndinatsitsa mafaelo onse pakabati n'kuwerengeranso mpikisano uliwonse, ntchito ya masabata atatu. Ndinapeza maulendo makumi asanu ndi limodzi kudza kamodzi pamene mendulo kapena malo a m'timu akanapita kwa mwana wina Afaf akanalemba zofanana ndi anzake. Ana onsewo sadziwa. Ena lero ndi amayi a ana akuluakulu, ndipo mendulo zili pakhoma m'nyumba zawo.

Kalata yomuitana ku Kairo inabwera mu Epulo. Nanenso anandiitana, kuti ndibwere ndi mapepala. Tinakwera sitima yam'mawa. Afaf anavala jekete yabuluu ija. Mu ofesi munali anthu anayi, Dokotala Shahira ali pakati, ndipo patebulo panali tiyi. Afaf anali atatenga kanema amene kholo lina linajambula, moonekera dzanja la Rimas lili pa thabwa.

"Madamu, ikani m'chikwama chimenecho," anatero bambo wina wa m'komitiyo, wa mphete zitatu. "Pano sitikuzenga mlandu wa dzanja la mwana. Tikuzenga mlandu wa kusiyana."

"Koma dzanjalo linagwira, bwana?"

"Limenelo si funso la komiti ino."

"Ndiye ndi funso la ndani?"

"Afaf, m'bale wanga," Dokotala analowererapo ndi mawu a uchi, "palibe amene akuti ndiwe wabodza. Tikungoti suyenda ndi anzako. Oimba asanu, mmodzi akuimba nyimbo yake, tichotse anayiwo?"

"Ngati anayiwo akuimba nyimbo ya dzulo, a Dokotala, mwina muwafunseko."

Wa mphete uja anatembenukira kwa ine. "Aphunzitsi, tiwerengereni. Madamu asiyana kangati chaka chino?"

Ndinali ndi pepala la ana makumi asanu ndi limodzi kudza mmodzi aja m'thumba la jekete. Ndinali nditakonza mawu m'sitima monse. Ndinatsegula faelo.

"Katatu, bwana," ndinatero.

"Pali cholakwika m'masamu?"

"Palibe."

"Zikomo, aphunzitsi."

Basi. Ndi zimene ndinanena. Ndakwiyira anthu ambiri m'moyo wanga, ndipo ambiri a iwo ndi oyenera, koma munthu amene anati "katatu, bwana" n'kutseka faelo ndimakumana naye pagalasi m'mawa uliwonse. Anamuuza Afaf kuti apereke chiphaso. Anachitulutsa m'pulasitiki muja, mlembi wa komiti anachidula pakona ndi sizasi n'kuchiponya m'dirowa. Afaf anapempha kuti amubwezere pulasitikiyo, poti inali yake.

Basmala anapita kunja kuja ndipo anagwa pa thabwa tsiku loyamba lomwe. Dokotala Shahira anayenda nayo nkhaniyo chaka chathunthu. "Mwaona zimene anatibweretsera Madamu Dengu?" Ngati kugwa kwa mwana mu Meyi kudziko la eni kumachotsa dzanja la mwana wina pa thabwa mu Malichi ku Moharram Bey! Woweruza si mlosi. Amafunsidwa za mphindi imodzi ndi theka imene ili patsogolo pake, basi. Koma kukamba zimenezi ndi anthu oweruzira pa tiyi n'kutaya malovu.

Ine ndinakhalabe patebulo lija zaka zina zinayi, mpaka makina enieni atabwera ndipo anandichotsa osanditsanzika. Ndinkakhwatcha mapepala, ndinkadya basibusa. Afaf anayesa kamodzi kubwera kudzangoonerera. Kalabu inali itaika alonda atsopano, ndi lamulo loti olowa ndi makolo a opikisana okha. Ndinali chapafupi, ndipo ndinamva mnyamata wa pageti akumufunsa, ndandanda ili m'manja:

"Amayi, ndinu mayi a mwana uti?"

Anaima pamenepo, mayi amene anayang'anitsitsa ana zikwi zinayi osagwetsa maso.

"Palibe," anayankha, n'kutembenuka.

Ndinathamanga kukakangana ndi mlonda uja, ndinafuula mpaka anthu anasonkhana, koma pamene ndimapambana mkanganowo n'kuti iye atakwera kale tramu. Sanabwerenso.

Sabata yatha ndinakwera masitepe a kwawo, nsanjika zinayi, ine ndi ndodo yanga, kukamuonetsa kabuku kaja. Bondo lija tsopano silimulola kutsika kawirikawiri. Ndinkafuna akwiye. Ndinkafuna tikwiye awiri. Anatsegula masamba onse, anaseka chithunzi cha mwana wokana kupsompsonedwa, kenako anaika kabukuko patebulo n'kukhazikapo ketulo yotentha, pankhope penipeni pa tcheyamani.

"Tasneem akadali patebulo?" anafunsa.

"Akadalipo. Akuti kukhonde sakweranso. Makina amamutaya mpikisano uliwonse, ndipo chaka chino walandira kale makalata awiri."

"Awiri." Anayamba kuthira tiyi m'makapu. "Nanga pafupi naye pakhala ndani?"

"Kamtsikana kena katsopano, sindikadziwa dzina."

"Kamanyazi?"

"Ndingadziwe bwanji ine? Madamu Afaf, dzina lanu mulibe m'buku! Zaka makumi awiri ndi zitatu! Munthu wa mafani alimo!"

"Musafuule, aphunzitsi, apansiwa ali ndi mwana wakhanda. Shuga masupuni angati?"

Iye sakwiya, ndiye ndikwiya ndine. Pepala la ana aja likadali m'thumba la jekete imene ndinavala ku Kairo. Ndalilembanso bwinobwino, dzina lililonse ndi chaka chake, ndipo ndalitumiza kwa tcheyamani pamodzi ndi nkhani ino. Lina ndatumiza kwa Tasneem, lifike kalata yake yachitatu isanafike. Mlandu wake ukadzaitanidwa ku Kairo ndidzakwera sitima yam'mawa, kaya andiitana kaya sanandiitane, ndipo ulendo uno faelo sindidzaitseka.